Mphindi zitatu za Merle Kucera

Mlatho wa pa mtsinje wa Otter anautseka Lachiwiri lina, zaka zitatu nkhani ino isanayambe. Kunabwera amuna awiri ovala zipewa zolimba, anatsikira kunsi, mmodzi anagogoda chitsulo ndi hamala, chidutswa chachikulu n'kugwera m'madzi, chubwi! Anayang'anana, anakwera galimoto, anapita. Mawa lake panali zimiyala ziwiri za simenti ndi chikwangwani: palibe kudutsa.

Kwa ena kanali kamlatho chabe. Kwa Merle Kucera linali tsoka. Nyumba yake ili tsidya lino, munda wake waukulu wa chimanga uli tsidya linalo, munda umene agogo ake anaswa mphanje ndi mahatchi. Ukaima pakhonde umauona bwinobwino. Koma kuti aufike, ankayenda mamailosi 34, kuzungulira mpaka kumsewu waukulu, ali pa chimakina chokololera chimene sipidi yake ngakhale wa panjinga amachipitirira. Kumbuyo kwake magalimoto ndandanda. Palibe woimba hutala, kuno ku Tilford sitiimba hutala, koma maso awo ankamuotcha pankhongo.

Ndiye m'mawa wina wa Januwale mkazi wake Gaylene anamuikira khofi patebulo mwamphamvu pang'ono.

"A Merle, chaka chino n'chomaliza. Mlatho ukapanda kukonzedwa, munda uja tiusiya. A Dvorak a tsidya lija akuufuna kalekale."

"Munda wa agogo?"

"Agogo anu ali kumanda, sakumva msana. Okotobala uja munatsika pa chimakina chija mutapindika ngati chikwakwa. Nsapato ndinakuvulani ndine."

"Nkhaniyi ndikuiyendetsa, Gaylene. Seneta wathu Verlin akumva pulesha."

"Pulesha yanji?"

Merle anayang'ana pazenera ngati msilikali amene sakufuna kudzitama.

"Ndinamuchotsera chala."

Paja pamisewu yathu ya fumbi ukakumana ndi galimoto umadzutsa chala pachiwongolero. Chimodzi kwa aliyense, ngakhale mlendo. Ziwiri kwa mnzako. Dzanja lonse ndiye kuti ng'ombe zako zathawa. Verlin Hovorka, seneta wa dera lathu, anali wa zala ziwiri kuyambira ali limodzi kusukulu. Mlatho utatsekedwa, Merle anamutsitsa kufika pa chimodzi. Chaka chotsatira, ziro. Akamadutsana, Merle manja gwa pachiwongolero, maso patsogolo, mtima ukugunda ngati wamenya munthu.

"Zaka ziwiri osamukwezera chala," anatero Merle. "Kutchalitchi ndimamupatsa moni wa dzanja lofooka. Akudziwa ameneyo. Chakudya sichimukomera."

"Munamuuzapo ndi pakamwa?"

"Aaa, Gaylene. Ndinaleredwa ine. Ndimuuze pamaso? Angakhumudwe."

Verlin ameneyu ndale sanazifunefune, zinamupeza zokha. Anayambira mu komiti ya sukulu, kumene anatchuka chifukwa chokonzetsa denga la holo. Kenaka khonsolo. Seneta wakale atapuma, anthu anachita msonkhano wosankha woti aimire, ndipo Verlin analakwitsa chinthu chimodzi: anatuluka kupita kuchimbudzi. Pobwera anapeza akumuombera m'manja. Anawina ndi mavoti 41. Kachiwiri analibe wopikisana naye. Lamulo la kuno limati seneta akhale kawiri motsatizana basi, zaka zinayi zinayi, ndiye chaka chimenecho chinali chake chomaliza ku Lincoln, likulu la boma lathu kumene kuli nyumba ya malamulo. Munthu wabwino, wosaba, wosakuwa. Koma ukafunsa kuti wachita chiyani zaka zonsezi, anthu ankakanda mutu, n'kukumbukira lamulo lina la magetsi a kumbuyo kwa ngolo za udzu.

Masana a tsiku lomwelo kunafika Lavonne Sedlacek, neba wawo, wogawa makalata, woyendetsa galimoto ngati akuthawa njuchi, woimba akodiyoni, komanso wapampando wa gulu la gule wa polka. Anaponya makalata patebulo ndi kapepala kachikasu pamwamba.

"Sainani apa nonse. Polka ikhala gule wa boma lathu mwalamulo. Verlin watsala pang'ono kuisankha kukhala bilu yake yapatsogolo."

"Yapatsogolo ndiye kuti chiyani?" anafunsa Gaylene.

"Seneta aliyense amaloledwa kusankha bilu imodzi pachaka yoti idumphe mzere. Imodzi yokha. Zina zonse, mazanamazana, zimadikira mpaka masiku a nyumba ya malamulo atha, zambiri n'kufera pamzere pomwepo. Chaka chino masikuwo ndi 60 okha."

Nkhope ya Merle inafiira mpaka m'makutu. Anatulutsa mawu aukali kwambiri amene munthu wa ku Tilford angatulutse.

"Chabwino ndithu."

"Eee, akwiya," anatero Gaylene.

"Gule? Mlatho wagona zaka zitatu, iye akusankha kuvina?"

Lavonne anakhala pansi osaitanidwa, anadzithirira yekha khofi.

"Iwe Merle, bilu ya ndalama zokonzera milatho ing'onoing'ono Verlin anailemba kale. Chaka chatha ndinalipo ine tsiku lake, ndinapita kukaonera mmene zimayendera. Anaima pamaso pa komiti, anafotokoza, wapampando n'kufunsa, 'Alipo ogwirizana nayo?' Zii. Mipando yokhayokha. Kunangomveka munthu akutsokomola pakhonde. Verlin anatola mapepala ake ngati munthu amene waphika phwando osabwera aliyense. Ife ya polka sabata yatha tinalowa 38, masiketi a maluwa, makalata 212 m'manja. Utakhala iye ungasankhe iti?"

"Koma akudziwa kuti ndakwiya."

"Unamulembera?"

"Ayi."

"Unaimba foni ku ofesi yake?"

"Ayi."

"Ndiye alote?"

Merle anayang'ana m'kapu yake.

"Tamvera," anapitiriza Lavonne. "Kuno bilu iliyonse imakhala ndi tsiku lake lomvera anthu. Munthu aliyense. Sulipira, sipafunika loya, sipafunika tayi. Ukafika umatenga fomu yobiriwira pakhomo, umalemba dzina lako ndi mbali imene uli, umapereka kwa kalaliki. Umakhala pampando. Kutsogolo kwako kuli timagetsi titatu. Kobiriwira, lankhula. Kachikasu, yatsala mphindi imodzi. Kofiira, tseka pakamwa. Mphindi zitatu, basi. Ya milatho waibweretsanso, aimva Lachinayi la sabata yachiwiri ya Febuluwale. Sabata yotsatira Verlin asankha."

"Nanga ukundiuziranji? Ndikapita ndikakugwetsera gule wako."

"Undigwetsere iwe? Munthu wotenga theka la ola kunena kuti tsalani bwino? Pita, ndikufuna ndikaseke."

Merle anaona kuti za ku Lincoln n'zakutali, bola athane naye konkuno, mwachimuna. Loweruka anamupeza Verlin m'lesitilanti ya pafupi ndi nkhokwe za chimanga, akudya payi, keke ya zipatso, yekha pakona. Anakhala moyang'anana naye. Anakoka mpweya wambiri.

"Verlin."

"Merle! Kuzizira kumeneku."

"Ndi mphepoyi."

"Mphepoyi ndithu. Pakanapanda mphepo bwenzi zili bho."

"Akuti Lachitatu kugwa chipale chofewa."

"Akuti. Koma chaka chatha ananenanso."

Anakamba za chipale cha chaka chimene anamaliza sukulu. Anakamba za timu ya mpira, kuti vuto ndi mphunzitsi, ayi vuto ndi otchinga kumbuyo. Anakamba za ng'ombe ya a Dvorak imene inabereka mapasa. Mphindi makumi asanu. Liwu loti mlatho linafika pakhosi katatu, katatu konse linabwerera pansi limodzi ndi khofi. Pomaliza Merle anamenya maondo ake ndi manja awiri.

"Chabwino, ndisakuchedwetse."

"Upereke moni kwa Gaylene."

Kunyumba Gaylene anali pakhomo, manja m'chiuno.

"Mwamuuza?"

"Wamva m'kalankhulidwe."

Gaylene analowa kukhitchini. Anatsegula kabati, anatulutsa kawotchi kophikira mazira, anakaika patebulo.

"Khalani apo. Ine ndine komiti. Yambani."

Tsiku loyamba kawotchi kanalira Merle asanamalize kuthokoza komiti. Lachiwiri anafika pa agogo ake, koma anasochera m'nkhani ya mayina a mahatchi. Gaylene ankangoti, "Kofiira!" n'kuyambitsanso. Pofika tsiku lakhumi zinali zitakhala: pepala limodzi, mphindi ziwiri ndi theka. Ndipo Gaylene sanathere pamenepo. Anatenga mndandanda wa mafoni a kutchalitchi, uja timagwiritsa ntchito kukagwa maliro, n'kuimbira banja lililonse lokhala mbali zonse ziwiri za mtsinje. Ena ankayamba ndi kufunsa kuti wamwalira ndani.

"Mlatho," ankatero Gaylene. "Mwambo wake Lachinayi ku Lincoln. Tinyamuka 7 koloko."

Anapita anthu 19 m'magalimoto asanu. Maola atatu ndi theka panjira. Anapeza chipinda chake, anadzaza mafomu obiriwira, anakhala kumbuyo mwakachetechete ngati mmene timakhalira kutchalitchi, mipando yakutsogolo n'kuisiya. Kutsogolo kunali maseneta asanu ndi atatu kuseri kwa tebulo lokhota. Verlin analowera khomo lam'mbali, maso pansi, anakhala pampando wa olankhula n'kuwerenga bilu yake ndi mawu a munthu amene akudziwa kale kuti gemu yatha. Sanacheuke n'komwe.

Wapampando, mayi wa magalasi pamphuno, anafunsa osakweza mutu.

"Alipo ogwirizana nayo?"

Anthu 19 anaimirira nthawi imodzi. Mipando inalira. Verlin anatembenuka, mapepala onse n'kumupulumuka.

Woyamba anali Merle. Anapereka fomu, anakhala, kagetsi kobiriwira kanayaka. Anatchula dzina lake. Pepala linali m'manja. Koma atakweza maso n'kuona nkhope zisanu ndi zitatu za anthu achilendo, kuleredwa kwake kunamugwira. Ungayambe bwanji kudandaula kwa anthu osawalonjera?

"Choyamba ndithokoze nonse chifukwa chotilandira. Nyumba yabwino kwambiri iyi. Msewu unali bwino lero, kupatula chapakati paja pamene mphepo imawomba cham'mbali..."

"Mphepo imeneyo," anavomereza seneta wina wachikulire wa kumadzulo, akugwedeza mutu.

"Ndithu, bwana. Kwanu chipale chinagwa Lachitatu?"

Kumbuyo Gaylene anatsokomola. Anatsokomolanso. Lavonne, amene anabwera yekha pa galimoto yake, anali atabisa nkhope m'chikwama, mapewa akugwedezeka.

Kachikasu.

Merle anakaona. Anaona munda wa agogo ukupita kwa a Dvorak chifukwa cha nkhani ya mphepo. Pepala analiiwala. Anagwira tebulo ndi manja awiri.

"Mlatho! Mlatho wathu unafa! Munda wanga ndimauona ndili pakhonde, koma ndimayenda mamailosi 34 kuti ndiuponde. Agogo anga ankapita ndi mahatchi ndipo ankafika msanga kuposa ine. Mkazi wanga akuti chaka chino tiusiya, ndipo mkazi wanga sanena kawiri. Sindikupempha chinthu chokongola ayi. Ndikupempha chinthu choti ndikapondapo chisagwe. Ndiponso iwe Verlin, ndakukwiyira zaka zitatu, pepani nonse kuti ndanenera pano..."

Kofiira.

Kenaka seneta wa mphepo uja anayamba kuseka, ena n'kutsatira, mpaka kalaliki yemwe. Merle anafuna kuimirira kuti athawe, koma wapampando anakweza dzanja.

"Dikirani, a Kucera. Pali mafunso. Mafunso sawerengeredwa nthawi. Milatho yotere ilipo ingati kwanuko?"

Apa ndiye anafunsa mwini nkhani. Merle ankaidziwa yonse isanu ndi iwiri, umodzi umodzi, ndi dzina la mwini munda woyandikana nawo, ndi chaka chimene unayamba kunjenjemera. Analankhula mphindi khumi ndi imodzi, maseneta akulemba.

Kenaka woyendetsa basi ya sukulu anafotokoza za ana amene amakhala m'basi maola awiri kupita kokha. Wozimitsa moto anafotokoza mmene nyumba yosungira udzu inapsera iwo ali panjira, akuona utsi wake tsidya lino. Gaylene analankhula masekondi 50 okha, ndipo palibe anayerekeza kumufunsa funso.

Womaliza kuimirira anali Lavonne, fomu yobiriwira m'manja.

"Ine nonse mukundidziwa, ndine wa polka. Koma makalata ndimazungulira nawo mlatho womwewu kawiri patsiku, mateyala ndasintha kanayi. Gule adikire, sawola. Ndatha."

Merle anatsala kukamwa yasa.

"Usandiyang'ane choncho," Lavonne anamunong'oneza pobwerera. "Chaka chamawa ukubwera kudzayankhulira polka. Siketi ndikubwereka."

Atatuluka, Verlin anawapeza pakhonde. Tayi inali itapotoka.

"Merle. Zaka zitatu? Bwanji sunanene?"

"Ndinasiya kukukwezera chala."

"Chala? Ine ndimayesa nyamakazi! Kutchalitchi dzanja lako lofookanso. Mpaka ndinauza abusa kuti akuike pa mndandanda wa odwala."

Gaylene anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ndiye n'chifukwa chake amayi a kutchalitchi akhala akutibweretsera mbale za chakudya? A Merle, inu mumati chiyani muja?"

"Ndimati amatikonda."

Verlin anaseka mpaka kutsamira khoma. Atapukuta maso analankhula motsitsa.

"Tamverani. Ndimaimira anthu pafupifupi 40,000. Amene amandiuza zimene akufuna sakwana zana, ndipo theka lawo ndi a Lavonne. Ndikaima m'nyumba muja n'kunena kuti anthu anga akuvutika ndi milatho, anzanga amafunsa, anthuwo ali kuti? Zaka zonsezi ndinalibe yankho. Lero ndawaonetsa. Koma musabwerere kukagona. Komiti ikaivomera, ikufunikabe kudutsa katatu m'nyumba yonse. Lembani makalata. Imbani. Uzani achibale anu a madera ena aimbire maseneta awo, chifukwa voti yanga ndi imodzi mwa 49."

Sabata yotsatira Verlin anasankha bilu ya milatho kukhala yapatsogolo. A ku Tilford analemba makalata mpaka Lavonne anadandaula za kulemera kwa thumba. Merle yekha anaimba mafoni 14, kawotchi ka mazira kali pambali. Seneta wina wa mumzinda anafuna kudula ndalamazo pakati, koma mlongo wake wa Gaylene amakhala m'dera lake lomwelo, ndipo ali ndi anzake ambiri opuma pantchito amene alibe chochita masana. Anasintha maganizo. Mu Epulo biluyo inadutsa ndi mavoti 34, bwanamkubwa wa boma lathu n'kusaina.

Mlatho sunamere ngati bowa ayi. Zinthu za boma zili ndi mayendedwe ake: kuyeza, kujambula, kusankha omanga. Chaka chimenecho Merle anazunguliranso. Koma Gaylene ataona zikhomo za mbendera zofiira zitakhomedwa m'mbali mwa mtsinje, anaimbira yekha a Dvorak kuwauza kuti aiwale. Januwale atafika, nthawi ya Verlin inatha. Analongedza mabuku m'makatoni awiri n'kubwerera ku ng'ombe zake. Seneta watsopano, namwino wachitsikana, tsiku lake loyamba anapeza kale uthenga wa Merle ukumudikira, wofunsa za milatho isanu ndi umodzi yotsala.

Mu Okotobala wotsatira anachotsa zimiyala. Panalibe mwambo waukulu, anthu makumi atatu ndi fulasiki za khofi. Dzina la Verlin silinalembedwe paliponse. Anaima m'gulu ndi chipewa chake chakumunda ngati wina aliyense. Merle atafika ndi chimakina chake, Verlin anamuimitsa.

"Malo alipo m'mwambamo?"

"Kwera."

Anakwera movutikira, maondo akulira. Chimakina chinaponda simenti yatsopano pang'onopang'ono. Verlin anayang'ana madzi pansi.

"Zaka zisanu ndi zitatu ku Lincoln," anatero. "Ichi chokha ndiye ndingabwere nacho adzukulu kudzawaonetsa."

"Khala bwino, usagwedezeke. Sitinauyesebe."

Sunagwe. Anatsikira tsidya linalo, chimanga chili mbuu mpaka kumene maso amathera. Merle anatsitsa mano a chimakina n'kulowa mzere woyamba.

Phunziro lake ndi ili. Amene tinamusankha si mlosi. Sangadziwe vuto limene sitinamuuze, ndipo sangamenye nkhondo yekha opanda anthu kumbuyo kwake. Kukwiya chamumtima sikukonza msewu, sikumanga mlatho. Dziwani dzina la amene amakuimirani. Mulembereni, muimbireni, pitani kumisonkhano yomvera maganizo a anthu, ndipo musapite nokha. Nenani vuto lanu mwaulemu koma mosazungulira, ndipo mukanena musasiye kulitsatira mpaka litatheka. Ndi ufulu wanu, ndipo si mwano.